Kachitini ka Ababa

Ndinali ndi zaka khumi, kapena khumi ndi chimodzi, kaya, poti kwathu ku Mlangeni kunalibe wolemba masiku obadwa, pamene ababa anabwera kuchokera ku Joni. Anapita ndili wakumsana, ndiye nkhope yawo ndinkangoimvera kwa amayi. Anabwera akutsimphina, atanyamula bokosi lachitsulo, jekete lalikulu la kumgodi, ndi chifuwa. Zam'bokosi abale anagawana sabata yomweyo. Jekete linakhala. Chifuwa nachonso chinakhala.

Sichinali chifuwa cha chimfine ayi. Akayamba kutsokomola ankagwira mzati wa pakhonde, mapewa n'kumagwedezeka mpaka nkhuku kuthawa. Akamapuma munkamveka ngati wina akupeta mchenga m'lichero. Iwo ankati ndi fumbi la miyala linawalowa m'mapapo. Khasu linawakanika. Mizere itatu ya kachewere, basi akhala pansi. Anali ndi kachitini kolavuliramo, ndipo ntchito yokataya kuthengo n'kukatsuka ndi phulusa inali yanga. Ndisaname, ndinkanyansidwa nayo. Ndinkakanyamula ndi zala ziwiri, nkhope nditayang'ana kumbali.

Lamulungu lina masana kunabwera a Filimoni, mkulu wa mpingo, kudzawapempherera. Sanali munthu woipa, anabweretsanso mazira. Atatha pemphero anati, "A Dzonzi, mavuto ndi chikoti cha Mulungu, ndipo Iye sakwapula chabe. Fufuzani mumtima, mwina chilipo munachita ku Joniko."

Ababa anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa. "Akulu, ku Joni tinachimwa tonse. Nanga eni ake mgodi bwanji akungonenepa?"

"Inu, akuluampingo sayankhidwa choncho," anatero amayi.

Akuluakuluwo anaziiwala, koma ine mawu oti chikoti aja anandikhala. Mukuona, kusukulu kwathu, komwe ndinalekera Sabu B, aphunzitsi anali ndi lamulo lawo. Mwana wamng'ono akalakwa, mkulu wake ankaloledwa kumugonera. Iwo ankangofuna zikoti zikwane, kuti matako ndi a yani analibe nazo ntchito. Ineyo ndinali nditamugonerapo kawiri mlongo wanga Yohane, mwana wa mayi anga aang'ono. Ndiye ndinaganiza kuti, ngati aphunzitsi amalola, Mulungu angakane? Zikoti za ababa zikangokwana, kaya wazilandira ndani, chifuwa chitha.

Unali mwezi wa Juni. Amene anakhalako kumtunda kwathu kuno akuchidziwa chisanu chake, udzu umachita kuyera m'mawa. Ndikapita kotunga madzi kumtsinje wa kudambo, ndinkaika mtsuko pambali n'kulowa pa dziwe mpaka m'chiuno. Madzi aja ankaluma ngati mano. Ndinkaima momwemo mpaka miyendo osaimvanso, ndikunena kuti, "Ambuye, izi ndi za ababa, chotsaniko."

Tsiku lachitatu ababa anadzuka bwinoko, anakafika mpaka kukhola kukaona ng'ombe yathu imodzi ija. Ndinati zikutheka! Ndiye ndinawonjeza, madzi mpaka m'khosi, kukhalitsanso.

Sabata yachiwiri isanathe thupi linatentha, m'nthiti mukubaya. M'nyumba tinakhala otsokomola awiri. A Nangozo, oyandikana nafe, ndi amene anaulula kuti akhala akundiona ndili chiimire m'madzi ngati chitsa, milomo ikuyenda. Amayi anandigwedeza ndili chigonere.

"Mwana iwe wapenga? Wodwala m'modzi sakundikwana? Ukufuna ndikumbe manda awiri?"

Anasiya kukolola kuti azitisamala. Chimanga china chinagwa, chiswe n'kudya. Chaka chimenecho tinayamba kudya kamodzi mvula isanagwe, chifukwa cha nzeru zanga.

Nditayamba kupezako, m'mawa wina ababa anandiitana pamene ankaothera dzuwa, atatsamira khoma.

"Nadzonzi, tabwera. Akuti wasanduka chule?"

Sindinaseke. Ndinawauza zonse, za a Filimoni, za aphunzitsi, za kugonera. Ndinkadikira kuti akalipa. Koma ndinangoona misozi ikutsikira m'ndevu. Anavula jekete lija n'kundifunditsa. Linkanunkha utsi ndi thukuta.

"Mama, Mulungu si aphunzitsi ako aja," anatero. "Zogonera anagonera kale Mwana wake, kamodzi, zinakwana. Sakufunanso matako a mwana wanga."

"Nanga mukuvutikiranji?"

"Sindidziwa."

Yankho limeneli linandiopsa kuposa madzi aja. Munthu wamkulu, wobatizidwa, kunena kuti sadziwa.

Anapuma kaye, poti mawu ankawathera panjira, kenako anandigwiritsa mwendo wotsimphina uja. "Mwendowu unapanidwa ndi mwala pansi pa mgodi. Nyali inazima, anzanga onse anathawa. Anatsala munthu m'modzi, Mshangani, chinenero chake sindinkachimva n'komwe. Mwala sakanatha kuusuntha. Ululu wanga sakanatha kunditengera. Anangokhala pansi mumdimamo, miyala ina ikugwabe, n'kundigwira dzanja mpaka okumba anafika. Yesu amene ndikumudziwa ine ndi wotero. Sali pamwamba kuwerenga zikoti. Anatsika, ali pansi pano."

"Ndiye muchira?"

"Ayi, mama. Sindichira. Koma ukafuna kundithandiza, leka za m'madzi. Uzikhala pompano. Ndipo kachitinika uzikagwira bwino, umanditayira pamphasa."

Apo ndiye tinaseka, tonse awiri n'kutsokomola.

Anakhala miyezi inayi. Ndinkakhala pambali pawo, kuwatsamiritsa chifuwa chikawagwira, kuwapukuta pakamwa. Zolavula zija zinayamba kufiira. Ndinkapempherabe kuti achire, osagulanso ndi kanthu, kungopempha. Sanachire. Anamwalira masana, kukutentha, anthu akusosa m'minda, dzanja lawo lili m'manja mwanga. Pamaliro a Filimoni analalikira za mpumulo, za chikoti sanatchule. Kaya anakumbukira zimene ananena zija, sindidziwa.

Pano ndadutsa zaka makumi anayi. Ndaika ana awiri m'manda, ndipo pa wachiwiriyo ndinamufunsa Mulungu mafunso oti sindingawalembe pano. Yankho sindinalandire. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina ophunzira akulidziwa, koma ndikawamvetsera amangozungulira. Chimene ndikudziwa ine n'chochepa. Mavuto si malipiro, sungamulipirire nawo mnzako, ndipo sungawerengere machimo a munthu pa kutsokomola kwake. Amangobwera, n'kukupana ngati mwala uja. Chikhristu chimene ndinachiona ndi maso ndi cha munthu wotsala mumdima anzake atathawa.

Amayi a mpingo tikamayendera odwala, alipo ena amayamba ndi kufunsa ngati wodwalayo walapa. Ine sindifunsa zimenezo. Ndimangokhala pansi pamphasa, n'kufunsa eni nyumba kuti, "Kachitini kali kuti?" Ndipo ndimakanyamula ndi manja awiri.