Tsiku Limene Kasupe Anafiira

Tsiku limenelo dzuwa linatuluka litakwiya kale. Unali mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira m'mitengo ya mango, chigayo chikugunda kutsidya kwa msewu wa ku Likuni, oitanira maminibasi akukuwa. Phokoso lonselo ndimalikumbukira bwino, chifukwa ndi tsiku lomaliza limene ndinamva ndi makutu onse awiri.

Ntchito yosamala madamu osambiramo ndinaipeza mkazi wanga atamwalira. Matenda ake anali atadya kaokala kanga ka ku Biwi, ndipo ndinkangokhala pakhonde. Mkulu wina wa mpingo anandilankhulira kwa a Mbewe, mmisiri amene ankayang'anira madamu a m'nyumba zogona alendo. Tsiku loyamba a Mbewe anandiuza kuti, "Madzi sasowa, abambo, amangosamuka. Ntchito yathu ndi kufunsa kumene asamukira."

Chaka chachiwiri tinaitanidwa ku nyumba ina ya alendo m'mphepete mwa Chinsapo. Damu lawo linkaphwa, mwini wake akungothiramo madzi a pachitsime chake chapampu. Tinayamba ndi ndowa. Umaidzaza, n'kuikhazika pamasitepe a damu, n'kulemba mzere m'ndowamo ndi wina pakhoma. Dzuwa limamwa mofanana konsekonse. Ngati damu latsika kuposa ndowa, ndiye kuti pali pobooka. Linatsika kwambiri. Khoma linali labwino, choncho tinatseka mapaipi ndi zotsekera za labala, n'kupopa paipi iliyonse payokha ndi pampu ya manja, maso ali pa geji yoyezera mphamvu ya madzi. Titafika pa paipi yobweza madzi m'damu, singano ya geji inkangogwa. Paipiyo inali pansi pa simenti, ndipo mwini nyumba anati, "Musandiphwanyire bwalo lonse. Kumbani pamodzi basi."

Pamenepo timagwiritsa ntchito zinthu ziwiri: utoto wofiira wosavulaza umene timathira m'paipi, ndi chitsulo chachitali chomvera. Nsonga yake umaigunditsa pansi, kumtunda kwake n'kuikako khutu. Madzi othawa m'paipi amalira ngati munthu akupuma m'mano.

M'mawa wa tsikulo a Mbewe anapita ku tauni kukagula zolumikizira mapaipi. Ine ndinathira utoto, ndinapopa, n'kuyamba kumvera. Kulira kuja kunanditsogolera mpaka pampanda wa njerwa. Masana ndinatuluka pageti kuti ndikaone kuseri, chitsulo chili m'manja, manjawo ali psuu ndi utoto.

Kuseri kwa mpanda kunali kadzenje kozungulira miyala, ndi mzere wa zigubu. Sindinkadziwa kuti kwa miyezi ingapo, mipopi ya kuderalo itauma, anthu ankatunga pamenepo. Ankati Mulungu wawatumphutsira kasupe. Tsopano kasupeyo anali wofiira, amayi ataimirira momuzungulira, wina akukanda pakhosi mwana wake kuti asanze.

Mayiyo ndiye anayamba kuona manja anga.

"Ndi awa," anatero, mawu ake ali pansi. Kenako anakuwa. "Ndi awa athira poizoni!"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma chidutswa cha njerwa chinandipeza pamlomo. Amuna anatuluka m'tinjira tonse. Mnyamata wamtali wovala jezi yachikasu anandilanda chitsulo chija n'kundimenya nacho pakhutu la kumanzere. M'mutu munaphulika kanthu, ndinagwa. Anandiponda m'nthiti, kumsana, pazala. Wina ankandifunsa pa chibakera chilichonse, "Wakutuma ndani, mdala iwe? Wakutuma ndani?" Mlonda wa pageti anasuzumira, n'kutseka geti.

Anandikokera pamtetete atandigwira miyendo. Ndinaona tayala likugubuduzidwa. Wakabaza wina wa njinga yamoto anali akutsopa petulo m'thanki mwake ndi kapaipi, kuthira m'botolo. Ndinaganiza za mwana wanga wamkazi, amene akanabwera kuchokera kusukulu n'kupeza chitseko chokhoma. Sindinapemphere pemphero lalitali. Ndinangoti, Ambuye, ndipatseni mawu amodzi oti awamve.

Atandikoleka tayala m'khosi ndinati, "Ndipatseni ndimwe."

Wajezi yachikasu anaseka. "Akuti ali ndi ludzu adadawa."

"Madzi omwewo," ndinatero. "Ngati ndi poizoni, petulo wanu mumusunga."

Mayi wina wachikulire, amene anali atanyamula kapu ya pulasitiki, anatunga m'dzenjemo n'kundipatsa. Ndinamwa yonse, pamodzi ndi magazi a m'kamwa mwanga. Ndinapempha ina, ndinamwanso. Kenako anthu aja anaima kudikira kuti ndife. Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Nyenje ndinkazimva mbali imodzi yokha.

Imfa itachedwa, ndinawafotokozera ndi milomo yotupa kuti madziwo ndi a m'damu la kuseri kwa mpanda, kuti paipi inabooka, kuti chofiiracho ndi utoto wolondolera. Ndinawafunsa ngati madziwo sankanunkhira mankhwala ngati a kumpopi. Amayi anayang'anana. Akumbuyo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wanjinga uja akubwezera petulo m'thanki. Mayi wa kapu uja ndiye anandivula tayala. Atatero anandifunsa, "Nanga mukatseka, abambo, ife tikatunga kuti?"



A Mbewe anandipeza nditatsamira mpanda, nanditengera kuchipatala. Nthiti zinapola, zala zinapola mokhota, koma khutu la kumanzere linatseka mpaka lero. Nditachira tinakumba pamene ndinamva kulira paja, tinapeza cholumikizira chitang'ambika ndi muzu wa mtengo. Tinadula, tinamata china ndi guluu, singano ya geji inaima nji. Patangopita masiku ochepa kasupe uja anauma, ndipo zigubu zinabwerera ku mzere wautali wa pa kiyosiki ya madzi.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndimamvera ndi khutu la kumanja. Koma sindithira utoto ndisanazungulire mpanda wonse ndi kulonjera amene amakhala kunsi kwake. Madzi amene bwana akuti akutayika, kawirikawiri pali wina amene akuwamwa.

A Mbewe ankafuna kuti tikatchule mayina kupolisi. Wajezi yachikasu ndimamuona ndithu, amagulitsa makala m'mbali mwa msewu, ndipo akandiona amayang'ana pansi. Ndinalingalira nthawi yaitali, ndikukumbukira mayi uja akukanda mwana wake pakhosi. Anthu aja ankaganiza kuti ndawaphera ana. Sindinatchule dzina la munthu. Ndinawakhululukira.