Mzere Umodzi mu Mbiri ya Lusiya

Mu Limbe monse palibe anandigonjetsapo pa kunenerera. Ine ndimagula belo la kaunjika, mwiniwake n'kundithokoza chikhalirecho waluza. Choncho nditadzuka kusanache tsiku loika mkazi wanga Lusiya, ndinkadziwa kuti alamu anga, mlongo wake wamkulu, sandivuta.

Chiperoni chinali chitakuta Chilobwe yense. Amuna amene anachezera pasiwa ankasinza mozungulira chikuni, kuseri amayi akusonkhezera moto wa nyemba. Alamu ndinawapeza pakhonde akulemba mbiri ya malemu. Anali atalemba kuti anadwala nthawi yaitali, basi.

Ine ndinkafuna mzere umodzi wokha, wonena kuti chinamupha ndi chotupa cha mu ubongo. M'dera lathu anthu anali ataweruza kale. Mkazi wa munthu wa geni akayamba kulankhula zosamveka, ndiye kuti mwamuna wake wamukhwimira.

Iwo sanaone zimene ndinaona ine. Zinayamba ndi mutu wa m'mawa uliwonse. Kenako diso lakumanzere linasiya kuona, Lusiya amene ankasoka madiresi a ukwati n'kumalephera kulowetsa ulusi pa singano. Mawu anayamba kumuthawa. Akafuna madzi ankaloza ndowa, n'kulira ndi mkwiyo. Tsiku lina anandifunsa mwaulemu, "Bambo, mwabwera kudzayezetsa?" Ndinatambasula manja, mkazi wanga n'kundiyeza ngati mlendo. Chokhacho chimene chinkamukhazika mtima pansi chinali makina ake osokera. Ankangopalasa, opanda ulusi, opanda nsalu. Ndikamva kaphokoso kake ndili panja, ndinkadziwa kuti lero wadzukako.

"Alamu, mzere umodzi wokha," ndinatero.

"Pamaliro sitiwerenga za kuchipatala."

"Koma ndi dzina la mlongo wanu likuipa."

Anakhala chete. Kumsika munthu akakhala chete ndiye kuti akudikira uwonjezere, ndipo ndinawonjezera. "Makina aja mutenge, akathandize ana anu." Ine yemwe, amene ndimalangiza anzanga kuti asamafulumire kutsegula thumba!

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Mwanena nokha," anatero.

Dzuwa silinatuluke tsiku limenelo. Anthu anafika ndi maambulera: amayi a mpingo atavala zoyera, anzanga a kumsika m'majekete amene ndinawagulitsa ndine, ndi azimayi ena amene Lusiya anawasokera za ukwati. Ambiri ankandigwira dzanja maso ali kumbali.

Nthawi ya mbiri itakwana, alamu anaimirira, napinda pepala lija n'kuliika m'thumba. Anafotokoza za chotupa, za chithunzi cha m'mutu chimene adokotala anationetsa, za mmene mlongo wawo anaiwalira ngakhale dzina la mayi ake. Ananena kuti anandipezapo ndikumudyetsa phala ndi supuni, zofunda zonyowa zili pachingwe, benchi yanga ya kumsika itatsekedwa kwa miyezi. "Kodi wokhwima amatseka benchi?" anafunsa. 

Akazi a alamu anadzandinong'oneza kuti mawu amenewo amuna awo akhala akuwayeserera kuyambira dzana. Kukhala chete kuja sikunali kwa malonda. Munthu ankameza misozi.

Tinanyamuka pa lole, amayi akuimba, maminibasi akutipatukira mwaulemu umene sindinauonepo. Kumanda matope ofiira ankakakamira nsapato. Adzukulu atamaliza kukwirira ndinaika nkhata yanga, ndipo bambo wina amene anasiya kundipatsa moni chaka chatha anandigwira paphewa.

Titabwerera, alamu anati, "Makina aja asiyeni, sindinawapemphe."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati malonda akatha atha, ine sindibweza mawu. Ndinawakweza ndekha pa galimoto yopita kwa alamu, ndekha n'kumanga chingwe. Mwina kunali kunyada. Mwina ndinkaopa kuwaona ali phee.

Madzulo anthu anamwazikana, otsala ochepa akutsuka mapoto kuseri. Ndinalowa m'nyumba, n'kukhala moyang'anizana ndi pakona pamene pankakhala makina aja. Khutu linkangodikira kaphokoso kaja. Ngakhale Lusiya akanandiitana kuti "bambo" osandizindikira, ndikanatambasula manja andiyezenso.

Dzina la Lusiya layera, langa lomwe. Ndinalipira chinthu chimene akanandipatsa ulere, ndipo atandibwezera ndinakana. Inu amene mumadziwa malonda, tandiuzeni, anapambana ndani?