Matayala Amene Anandigwetsera Bambo M'matope

Bambo anga athyoka mkono wamanja. Ali m'chikhakha. Amene ndinawagwetsa ndine, sindikukana. Koma inu a shopu ya zipangizo za njinga zamoto mu tawuni ya Zomba, inu amene munandigulitsa matayala aja, senderani pafupi. Manyazi awa sindisenza ndekha.

Patha masabata awiri ndikulemba n'kumafufuta. Lero nditumiza basi.

Kwa amene simundidziwa, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno kwa Malemia. Kanjinga kamoto kofiira kaja, kamtundu wa mpikisano, kamene munthu amakwera ataweramira kutsogolo, ndi kanga. Achimwene ndiwo ananditumizira kuchokera ku Joni. Nditangoyamba kukwera, anthu anayankhula. Akuti mkazi wanji wovala thalauza n'kumalilitsa injini m'mudzi. Nkhani inafika mpaka ku tchalitchi. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo, ndipo anangoyankha kamodzi: "Mwana wanga akufika ku sukulu nthawi yabwino. Tchimo lili pati?" Koma iwo eni kukwera ayi, ankaopa.

Matayala akale atatha, ndinapita ku Zomba Loweruka. Ndinalowa mu shopumo 9:20 m'mawa. Kuseri kwa kauntala kunali bambo wina wa malaya a buluu, maso pa foni. Ndinapereka moni. Anandiyang'ana, anayang'ana pakhomo, n'kufunsa kuti amuna anga atsalira panja?

Ndinati ndabwera ndekha, njinga ndi yanga.

Anaseka. Anati ndidikire pang'ono. Pang'ono pakepo anathandiza azibambo atatu amene anandipeza. Mphindi 25 ndili chiimire ngati ndabwera kudzapempha madzi akumwa.

Atanditembenukira ndinali nditapsa kale mtima. Ndinalankhula mokweza kuti onse amve: "Ndikufuna matayala abwino kwambiri, kutsogolo ndi kumbuyo." Ndinawonjezera mawu awa, ndipo ndikuwakumbukira bwinobwino: "Ndimayenda msewu wadothi, kwa Malemia, ndipo mvula yayamba."

Munamva, bambo inu. Musadzanene kuti sindinanene.

Anatsitsa awiri pa shelefu ya pamwamba, n'kuwapukuta fumbi ndi kansanza. Anati awa ndi ochokera kunja, amagwira paliponse, ngakhale pa galasi. Ndinawayang'ana. Anali osalala, timizere tochepa, tosazama. Mtima unandiuza kuti apa pali vuto. Ndinafunsa kuti nanga mizere yachepa bwanji?

"Mayi, izi n'za amuna. Tayala la mpikisano limakhala choncho. Kapena mukufuna la wilibala?"

Azibambo amene anali mu shopumo anaseka. Wina mpaka anawomba m'manja.

Apa ndiye pali kulakwa kwanga koyamba. Ndikanafunsanso. Ndikanatuluka n'kupita kwina. Koma ndinaopa kuoneka mbuli. Ndinapereka K180,000, ndinalandira risiti, n'kunena kuti, "Ndimawadziwa amenewa." Ndinanama. Sindinkadziwa kanthu. Ndinkangofuna kuti kuseka kuja kuthe.

Anandilozera kuseri kwa shopu kuti makaniko wawo andiikire. Anaika mwachangu, akucheza ndi anzake za mpira. 10:40 ndinali panjira.

Kulakwa kwachiwiri kunachitikira pa Songani. Pali a Jafali pamenepo, bambo wachikulire amene amakonza njinga zamoto pansi pa mtengo wa mango. Ndikudutsa pang'onopang'ono, anaimirira n'kukweza dzanja. "Aphunzitsi! Taimani kaye, matayala amenewo..." Ine ndinangowabayibitsa n'kuwonjezera moto. Mumtima ndinati, wina uyu wayambanso kundiphunzitsa za amuna.

Lachiwiri lotsatira bambo anali ndi tsiku lokayezetsa kuthamanga kwa magazi ku chipatala ku Malosa. Nthawi zonse amakwera kabaza mpaka ku msewu waukulu, kenako minibasi. M'bandakucha kunagwa mvula, koma pofika 7 koloko inali itakata. Ndikupukuta njinga pabwalo, ndinangoona atuluka atavala jekete lawo lakuda, lija amavala pa Mgonero.

"Lero ndikwera yako," anatero.

Amayi anatuluka kukhitchini. "Abambo, kunjaku kwanyowa."

"Wagula matayala atsopano. Si choncho, mwana wanga?"

Ndinati eya, abwino kwambiri, ochokera kunja. Ndinawaveka chipewa changa choteteza mutu ndi manja anga. Zaka ziwiri ndikudikira tsiku limeneli. Ndinkafuna mudzi wonse uone.

Unaonadi.

Sindinkathamanga. Ndinali mu giya yachiwiri. Potsetsereka paja, mukamayandikira chigayo, pali dothi lofiira. Ndadutsapo kosawerengeka, mvula ndi dzuwa, ndi matayala akutha omwe. Ndinangokhudza buleki pang'ono. Kumbuyo kunachoka ngati wina wakoka mphasa. Sindinamve ngakhale kukuwa. Ndinangomva kuti thyo.

Nditadzuka, bambo anali chagada m'matope, mwendo umodzi pansi pa njinga, dzanja litapindika molakwika. Azimayi amene ankapita ku chigayo anatula matumba n'kuthamangira. Ana anga a Sitandade 6, ali pa ulendo wa ku sukulu, anaima m'mbali mwa msewu, mayunifomu ali mbuu, akuona aphunzitsi awo akukwawa. Kumbuyo kwanga mayi wina ananena motsitsa, koma osati motsitsa kwenikweni: "Tinkanena ife."

Mukudziwa mawu oyamba a bambo anga? "Wavulala pati, mwana wanga?"

Ine ndinangosupuka chigongono. Iwo fupa linathyoka pafupi ndi dzanja. Adokotala akuti masabata asanu ndi limodzi, mwina kupitirira, poti ndi munthu wamkulu. Ino ndi nthawi yopalira. Khasu lawo langokhala pakhonde.

Tsiku lotsatira a Jafali anabwera okha kunyumba. Ndinafuna kubisala kuchipinda. Sanandidzudzule. Anapepesa odwala, n'kupempha kuona njinga. Anagwada, anakanikiza chikhadabo pa tayala.

"Taonani, aphunzitsi. Mphira wabwino umalola chikhadabo. Uwu wauma ngati chikopa cha ng'oma."

Anandisonyeza manambala anayi m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Tinawerengera limodzi. Zaka zisanu ndi zitatu. Ndinagula nkhalamba yopukutidwa fumbi.

Kenako anandilozera kamuvi kojambulidwa pomwepo. Kamayenera kuloza kumene tayala limazungulira njinga ikamapita kutsogolo. La kumbuyo linkaloza kobwerera. Analiika mozondoka.

"Ndipo ngakhale akanakhala atsopano," anatero a Jafali, "awa ndi a pa phula louma. Kuno kwathu mufunika a mano ozama, ogwira phula ndi dothi lomwe. N'zimene ndinkafuna kukuuzani Loweruka lija."

Sindinathe kuwayang'ana kumaso.

Lachisanu ndinapempha chilolezo kwa ahedi, ndinakweza matayala aja mu minibasi. 2:15 masana ndinali mu shopu muja, risiti m'manja. Bambo yemwe uja, malaya omwe aja. Ndinafotokoza zonse bwinobwino, mwaulemu.

Anati katundu akatuluka sabwerera.

Ndinamusonyeza manambala. Anati tayala si buledi kuti lichite nkhungu.

Ndinamusonyeza kamuvi. Anati makaniko uja si wawo, amangokhala kuseriko. Eti? Amene munandilozera ndi chala chanu? Amene amasunga zitsulo zake mu shopu yanu?

Ndinati ndinakuuzani kuti ndimayenda pa dothi. Anati iye sakumbukira, makasitomala ndi ambiri. Ndinapempha eni shopu. Akuti ali ku Limbe. Nambala yawo? Akuti saloledwa kupereka. Abwera liti? Akuti kaya.

Ndinati bambo anga athyoka mkono.

Anatsamira pa kauntala, n'kunena momveka kuti onse amve: "Pepani, mayi, koma tayala siligwa lokha. Amagwa ndi woyendetsa. Mwina njinga imeneyi mungowapatsa achimwene anu."

Ndinakonzekera mawu ambiri mu minibasi muja. Ndinkati ndikalalata mpaka msika wonse umve. Koma ayi. Ndinalira. Mayi wamkulu, mphunzitsi, kulira pamaso pa anthu ogula mapulagi. Ndinatola matayala anga, limodzi phewa ili, lina phewa ili, n'kutuluka. Palibe amene anaseka ulendo uno. Bola akanaseka.

Chimene chandichititsa kuti nditumize lero ndi cha Lamulungu lapitali. Titatuluka m'tchalitchi, akuluakulu anzawo anazungulira bambo pakhomo kufunsa za mkono. Ine ndinali chapafupi. Ndinamva ndi makutu anga akuti, "Aa, ndinaterereka ku dimba. Ukalamba uwu."

Munthu amene sindinamumvepo akunama chibadwire changa. Pakhomo pa tchalitchi. Pamaso pa anthu amene akazi awo ndi amene anawadzutsa m'matope. Onse ankadziwa. Onse anangogwedeza mitu.

Madzulo ake, ndikuwathandiza kumasula mabatani a malaya, ndinati, "Bambo, bwanji mwanena zija?"

Anati, "Ukufuna ndiwapatse ndodo yokumenyera?"

Ayi, bambo. Musandinamire. Simunaterereke ku dimba. Munagwa pa njinga yanga, ine ndikuyendetsa, chifukwa ndinachita manyazi kufunsa kawiri, ndiponso ndinanyozera munthu amene ankafuna kundichenjeza. Mbali yanga ndi imeneyo, ndaivomera pagulu.

Tsopano inu eni shopu, amene muli ku Limbe kosabwerako. Dzina lanu sindinalitchule, koma risiti ndili nayo, matayala ndili nawo. Tandiyankheni. Pa shelefu ya pamwamba paja patsala angati a zaka zisanu ndi zitatu? Mukudikira ndani kuti muwapukute fumbi? Wa kabaza wonyamula mayi woyembekezera? Wogulitsa wanu mumamuphunzitsa kufunsa kumene munthu amayenda, kapena kungoona ngati wavala siketi? Makaniko uja ndi wa ndani?

Ndipo inu nonse okwera njinga zamoto kuyambira Domasi mpaka Malosa, amuna ndi akazi omwe: musanapereke ndalama, kanikizani chikhadabo. Werengani manambala anayi aja. Onani kumene kamuvi kaloza asanamange mawilo. Nenani msewu umene mumayenda, ndipo akakusekani, funsaninso. Asekenso, funsaninso kachitatu. Kusekedwa mu shopu kumatha mukangotuluka pakhomo. Ine m'mawa uliwonse ndikumanga zingwe za nsapato za bambo anga, iwo akuyang'ana kumbali kuti ndisaone nkhope yawo.