Tilipo wadya masoseji a pa mbaula

Moni nonse ana anga, Mulungu watisunga.

Koma kuno ku Kaumbwe mtima wanga suli m'malo, galu wathu Tilipo wadwala. Masana alamu anu a Tembo anatibweletsela masoseji ndi poloni kuchokela ku Boma, Ambuye awadalitse. Tinaotcha pa mbaula, tinadya mokondwa. Pa zotsala atate anu anati, "Mpatseni mlonda wa mbuzi, nayenso alaweko za m'tauni." Anamukhuthulila Tilipo zonse, ndi anyenzi ndi tsabola womwe.

Posakhalitsa anayamba kusanza. Chandiopsa ndi ludzu lake. Wamwa madzi onse otsukila mbale m'beseni, a sopo omwe aja, kenaka n'kumanyambita dothi pansi pa mtsuko. Tsopano wagona pakhomo pa khola, mbuzi zikumulumpha, iye osagwedeza ngakhale khutu.

Ndaimbila adokotala a ziweto ku Petauke. Akuti, "Amai, nyama zimenezo zili ndi mchele ndi mafuta ambili, ndipo anyenzi amaononga magazi a galu. Mumwetseni madzi oyela pang'onopang'ono. Akasanzanso mubwele naye lelo lomwe."

Wasanzanso pamene ndikulemba pano. Atate anu akukana, akuti, "Galu pa njinga yamoto ngati mkwatibwi? Mudzi wonse utiseka!"

Ine ndapemphela, ndipo ndamukulunga kale m'chitenje. Inu mukuti bwanji, ndipite naye ndekha kapena muwaimbila atate anu? Yankhani msanga, wa njinga yamoto amene ndaitana waima pabwalo, injini sanazimitse.