Chilombo Chovala Nsapato Zopolisha

Mkulu wosoka nsapato alibe kanema, ndiye amakaonera kwa mayi wa nyumba yoyandikana. Amatsatira sewero la anthu okwera makina opita nawo kumakedzana kapena kutsogolo. Kukatuluka zilombo za mumlengalenga, mkuluyu amatsonya n'kuyamba kusinza. "Zoopsezera ana izi," amatero. "Chilombo chenicheni chimavala nsapato zopolisha." Iye amakonda magawo a mbiri yakale, momwe muli anthu okhaokha.

Tsiku lina apaulendo a m'sewerowo anatulukira m'tauni momwe asilikali ankakweza anthu m'malole. Anangoonerera, kulira, n'kubwerera m'makina awo, poti zakale sazisintha. Mayi uja atayang'ana mkuluyo, anakumbukira zomwe anthu amanong'onezana, zoti pa unyamata wake anatengedwa ndi asilikali limodzi ndi mng'ono wake n'kubwerako yekha.

"Ndizimitse, bambo?"

"Ayi mama, isiyeni."

Sewero litatha, mkuluyo anafunsa motsitsa mawu. "Kodi anthu amene anaima tsidya la msewu tsiku lija anatitenga, osanena kanthu, nawonso anali ochokera kutsogolo?"



"Ayi," anadziyankha yekha, akutola ndodo yake. "Anali aneba athu."