Batani la Yunifolomu Yanga

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la guluu womatira machubu ndi girisi wakuda, komanso kulira kwa pampu pansi pa mtengo wa mango pamsika wa Petauke, pomwe ankakonzera njinga chibwerereni kuchokera ku Mozambiki pothawa nkhondo. Zinali zaka zija ulamuliro wa chipani chimodzi utangotha, zovala zakaunjika za salaula zitadzaza msika, njinga zatsopano zili mbwee.

Mlongo wanga wamng'ono, Yohane, sankalankhula. Kumva ankamva, koma sankayang'ana munthu m'maso, ndipo tsiku linkatha akuzungulitsa gudumu la njinga. Akafuna chinthu ankangolira n'kumadzimenya mutu. Ena ankati analodzedwa. Mawu akuti otizimu, dzina la vuto lakelo, tinawamva titakula.

Agogo anatenga kathabwa n'kukhomerapo zinthu: chitsekerero cha botolo chinali madzi, valavu inali njinga, kagalasi kofiira ka kumbuyo kwa njinga kanali "sindikufuna". Ankagwira chitsekerero, n'kutchula madzi, n'kumwa, kenako n'kudikira kuti Yohane agwire yekha. Ankadikira mpaka eni njinga kutopa n'kupita kwa wina.

Ine nsanje inkandidya, ndipo sindibisa. Ndinali wolongolola, woyamba m'kalasi, koma ndikafika ndi nkhani zakusukulu agogo ankangokweza dzanja lagirisi.

"Imilila, Tisa. Akali kuganiza."

Ndikamuyankhira Yohane kuti akufuna madzi, ankandidzudzula. "Osamuba mau. Iwe uli nao ambili."

Kenako pathabwa panayamba kukwera anthu. Amayi anali kansalu ka chitenje, agogo anali kachidutswa ka chubu. Ngakhale galu wathu anapeza malo, chithunzi chodula pa kalendala. Galu kundipitirira ine, amene ndinkamusambitsa mwanayo ndi kumubereka kumsana!

"Nanga ine, agogo?"

"Sindine nisankha. Akakufuna uzakwela."

Mvula inabwera n'kupita, ine osakwera. Ndinkakhala pafupi ndi Yohane, kumuimbira, kumugawira vitumbuwa, iye osandiona n'komwe.

Tsiku lina masana ndikumuimbira pakhutu, anatambasula dzanja n'kuthothola batani la yunifolomu yanga, n'kuliika pathabwa. Agogo analikhomera pomwepo. Ndinasendera pafupi kuti ndione. Yohane anagwira batani lija, n'kusuntha chala pang'onopang'ono mpaka pa kagalasi kofiira. Anabwerezanso: batani, kagalasi.

Agogo anagwetsa sipanala. "Mau awili pamodzi. Wamva, Tisa? Akuti ucoke, ulongolola."

Anatseka ntchito dzuwa lili pamutu, n'kukagula nkhuku. Anauza msika wonse kuti mdzukulu wawo walankhula, ndipo aliyense wofunsa zomwe wanena ankauzidwa, ine ndili pomwepo. Nkhukuyo ndinadya misozi ili mbwembwembwe. Agogo anandipatsa chiganga, chomwe sichinkapita kwa mwana, n'kunena motsitsa mawu: "Suka apo akakamba. Ukasuka, aziba kuti mau agwila nchito."

Ndinasukadi, ndiko kuchoka m'kalankhulidwe ka agogo. Tsiku lililonse akagwira batani ndi kagalasi ndinkanyamuka, mtima ukuwawa, ndipo anasiya kudzimenya mutu.

Lero Yohane ali ndi foni ya zithunzi yomwe imamulankhulira, ndipo agogo anatisiya kalekale. Nsanje sinathe yonse: palibe amene anandidikirapo ine mmene agogo ankamudikirira iye. Koma ndikapita kukamuona ndimatseka pakamwa panga, ndipo akandithamangitsa ndimachoka, pakuti ndi ntchito yokhayo imene agogo anandipatsa ine ndekha.