Mawondo a Maness

Maness anaphunzira kugwada asanadziwe kulemba dzina lake. Kwawo ku Mitundu, mtsikana akapatsa wamkulu madzi ali chilili, anthu ankafunsa kuti amake ndani. Ndiye atapeza ntchito ya m'nyumba ku Area 9, kwa mayi Immaculata, tsiku loyamba lomwelo anabwera ndi tiyi n'kugwada pamatailosi, monga anamulerera.

"Iwe, tadzuka!" anakuwa mayiwo ngati aona njoka. "Anzanga azinena kuti ndikusunga kapolo. Ndikadzakuonanso pansi, ubwerera kwanu."

Maness anadzuka, koma mutu unaima. Ulemu ungachotsetse munthu ntchito? Ntchitoyo ankaifuna, choncho mawondo akati apinde, ankawakalipira chamumtima. Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni: kugwada ayi, kuima ayi, ankangopendekeka ngati waponda minga.

Atangoyamba kuzolowera, kunabwera apongozi awo a mayi Immaculata kuchokera kumudzi. Maness akutuluka kukhitchini ndi thireyi, anapeza abwana ake omwe aja atagwada pakapeti, akupereka moni motsitsa mawu. Iye anangoti njo pamwamba pa onse awiri.

"Kodi wantchito wanuyu anameza mtengo?" anafunsa apongoziwo.

Mayi Immaculata anangoseka, osamuikira kumbuyo ngakhale pang'ono. Maness zinamupweteka. Anafunsa mlonda, a Gladson, kuti lamulo la nyumbayi n'liti kwenikweni. Iwo anati zamawondo sazidziwa, awo ndi saluti basi.

Tsiku lina masana kunatulukira bambo ake a Maness, a Redson, akuchokera kuchipatala cha maso. Maso awo anali atachita chifunga, moti a Gladson anachita kuwagwira dzanja mpaka pakhonde. Mayi Immaculata anatuluka kudzawalonjera, n'kuima pakhomo foni ili m'manja.

Maness anabwera ndi madzi. Anayang'ana abwana, anayang'ana bambo ake, n'kupereka kapu ali chilili.

Mkuluyo sanafulumire kulandira. Anatambasula dzanja chapansipansi, pamene mutu wa mwana wawo unkapezeka nthawi zonse, kuti ausisite monga ankachitira kuyambira ali wamng'ono. Dzanja linagwira mphepo. Linafufuza uku ndi uku, n'kukhudza epuloni.

"Maness, uli kuti mwana wanga?"

"Ndili pompano, ababa."

"Nanga mawu ako akuchokera kumwamba bwanji? Kapena ndi munthu wina?"

Apa Maness sanaganizenso. Mawondo anagunda simenti okha, madzi n'kutayikira pansapato za abwana. Dzanja lija linapeza mutu, linayenda pang'onopang'ono pa duku.

"Eya, ndiwedi," anatero a Redson.

Mayi Immaculata anayang'ana sapato zawo, n'kulowa m'nyumba. Maness anatsala chigwadire, misozi ili chuchuchu, osadziwa ngati akadzuka apo akatsuke mbale kapena akalongedze chikwama. Koma dzanja la bambo ake linali lidakali pamutu, ndipo sanafune kulichotsa.